Kuwerenga ndi ChatGPT kapena Meta AI popanda kudzinamiza: ndalemba kamodzi, musandifunsenso ku inbox

Teremu ino yokha funso lakuti ana aziwerenga bwanji ndi ChatGPT kapena Meta AI ndafunsidwa kaya kangati. Makolo tikatuluka mtchalitchi, ana a Fomu 4 pa break, mphunzitsi mnzanga wa Jogalafe mu staff room, mpaka alamu anga amene ali ku Johannesburg anandiimbira usiku ndili mtulo, akuti "alamu, mwana wanuyu akungokhalira kucheza ndi chi Meta AI pa WhatsApp ati akuwerenga, ndimuuze mayi ake amulande foniyo?" Nde ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndalemba pano, wina akadzafunsanso ndizingomutumizira zomwezi basi.

Ine ndimaphunzitsa Masamu ndi Chemistry pa CDSS ina yake, kutanthauza sekondale zoyendera zija za m'madera, komwe buku limodzi amalimbirana ana asanu ndipo laibulale ndi kabati yokhoma imene kiyi wake amasunga a deputy. Ndikunena dala zimenezi kuti mudziwe kuti sindikulankhula za ana a laptop ndi wifi, ndikunena za mwana amene amabwereka foni ya mayi ake madzulo akamaliza kutsuka mbale.

Tiyambe ndi chinthucho, chifukwa ambiri amachigwiritsa ntchito osadziwa kuti n'chiyani. Chatbot ndi pulogalamu imene umailembera ngati ukucheza ndi munthu iyo n'kumayankha. ChatGPT ndi ya kampani ya OpenAI ndipo inatuluka pa 30 November 2022, Gemini ndi ya Google, Claude ndi ya Anthropic, Copilot ndi ya Microsoft, pomwe Meta AI ndi kaja kamkombero kamaoneka pa WhatsApp, kanafika kuno ku Malawi mu April 2024 limodzi ndi Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Zonsezi kagwiridwe kake n'kofanana. Anazidyetsa zolembedwa zambirimbiri za pa intaneti ndi m'mabuku, nde zimene zimachita ndi kulosera liwu loyenera kubwera pambuyo pa linzake, kenako linanso, mpaka chiganizo chatha. Mulibe buku la MIE, bungwe lokonza silabasi lija, mkatimo limene chikutsegula tsamba 46 kuti chikuwerengereni ayi. N'chifukwa chake chimatha kunena zoona ndi zabodza ndi nkhope imodzimodzi, osaphethira. Bodza lotereli azungu amalitcha hallucination, ine mkalasi ndimangoti "chayamba kubwebweta." Ndipo musaganize kuti amapusitsidwa ndi ana okha, mu 2023 maloya ena ku New York analipitsidwa chindapusa cha $5,000 atapereka kukhoti milandu imene ChatGPT inangopeka, milandu yoti sinachitikepo n'komwe. Anthu a madigiri amenewo.

Nde mlendoyu wabwera ndi kalumo kakuthwa inde, koma kalumo kamametanso khutu. Nazi ndondomeko zake.

1. Sankhani chimodzi, ndipo onetsetsani kuti ndi chenicheni

Ngati ndalama ya bundle ndi yovuta, yambani ndi Meta AI ya pa WhatsApp, kwa ine imayenda ndi bundle ya WhatsApp yomweyo. Ngati muli ndi bundle ya intaneti yonse, ChatGPT kapena Gemini zaulere zija n'zokwanira mwana wa sekondale, musalipire kalikonse. Chenjezo lili apa: pa Play Store pali ma app ambirimbiri amene anabera dzina ndi chizindikiro, ukangotsegula akuti lipira kaye kapena akudzaza zotsatsa malonda mpaka foni kutentha. Yang'anani pansi pa dzina la app, payenera kulembedwa OpenAI ngati ndi ChatGPT, Google ngati ndi Gemini. Kulemberana mawu okha sikudya bundle kwenikweni, chimene chimadya ndi kutumiza zithunzi, kulankhula ndi mawu komanso kumaiuza kuti ikujambulireni muli mu suti pa ndege, zimene ndikudziwa kuti ndi zomwe ambiri munayambira kkkk.

Makolo dziwani kuti malamulo a ChatGPT amati munthu akhale wa zaka 13 kupita mtsogolo, ndipo wosakwana 18 pakhale chilolezo cha kholo. Mwana wa Sitandade 6 asamasiyidwe nayo yekha. Ndipo wamkulu ndi wamng'ono yemwe, musalembemo PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya mayeso, kapena nkhani za mnzanu zachinsinsi.

2. Musanatsegule foni, tsegulani kope

Ili ndi sitepe lalifupi koma amene amalidumpha ndi amene amathera maola awiri pa foni n'kudzuka opanda kanthu m'mutu. Tengani silabasi kapena manotsi a aphunzitsi anu, sankhani mutu umodzi wokha, osati "Biology yonse", koma mwina kagayidwe ka chakudya m'mimba, kapena mole concept, kapena quadratic equations. Werengani kaye nokha mphindi 15 kaya 20. Kenako lembani pa pepala chimene chakukanikani kwenikweni. "Sindikumva Chemistry" si funso limenelo, ndi dandaulo. Funso ndi lakuti "sindikumvetsa chifukwa chake 0.5 mol ya sodium hydroxide ikulemera 20 g, 40 ija akuitenga kuti?" Ukafika pofunsa chonchi ndekuti theka la ntchito wagwira kale.

3. Iuzeni kuti ndinu ndani ndipo muli kuti

Chatbot ikapanda kuuzidwa imangoganiza kuti ikulankhula ndi mwana wa ku America kapena ku England, chifukwa zambiri zimene inadya zinachokera kumeneko. Mukaifunsa za kubzala chimanga ikuuzani zobzala nthawi ya spring, za thalakitala ndi maekala mazanamazana, pomwe pepala la Agriculture likufuna mvula yoyamba, mizere yotalikirana 75 cm, mapando 25 cm, mbewu imodzi paphando monga alangizi amanenera za Sasakawa zija. Yankho lakelo silabodza, koma si la kwathu, ndipo wochonga sakupatsani malikisi.

Nde uthenga woyamba ukhale wodzifotokoza. Nenani kuti ndinu wa Fomu 4 ku Malawi, mukukonzekera MSCE ya MANEB, phunziro lake ndi lakuti, mutu wake ndi wakuti, mukufuna Chingerezi chosavuta ndi zitsanzo za kuno, ndipo iyankhe mwachidule. Lembani m'Chingerezi chanu chothyokathyoka chomwecho, imamva bwinobwino, siikusekani ngati anzanu a kumbuyo aja. Ngati muli ndi tsamba la buku kapena manotsi, lijambuleni kapena likopereni mmenemo n'kuiuza kuti ifotokoze kuchokera pa zimenezo zokha osawonjezera zake. Njira imeneyi imachepetsa kubwebweta kwambiri, chifukwa mwaimangirira pa chikhomo ngati mbuzi, ikudya udzu wa pomwepo.

Ikafotokoza inu osamva, musachite manyazi, nenani kuti ibwereze mosavuta, kenako ibwerezenso ndi chitsanzo cha kumsika kapena cha kumunda. Ubwino wake waukulu ndi umenewu, ndipo ine ngati mphunzitsi ndikuvomereza. Ineyo mwana akandifunsa kachinayi chinthu chomwecho mkalasi ya ana 90 nkhope imasintha ndithu, koma ichi sichitopa, sichikalipa, ndipo chilipo ngakhale 11 koloko usiku.

4. Isinthanitseni mipando: iyo ifunse, inu muyankhe

Apa ndi pamene pasiyanira mwana amene akuphunzira ndi amene akungosangalatsa maso. Ambiri amatenga funso la homework, kuliponya mu chatbot, kukopera yankho mkope, basi wamaliza. Chaka chatha ndinathandiza mnzanga wa English kuchonga ma composition a mutu wakuti mudzi wanga, ndipo mnyamata wina amene ndimadziwa bwino kwawo, kuseri kwa phiri uko kodutsa pa mlatho wa mitengo, analemba kuti kumudzi kwawo masamba a maple amagwa nthawi ya autumn ndipo ana amaseweretsa snow. Chingerezi chake chokoma ngati wailesi. Titamufunsa kuti maple ndi chiyani anati ndi mtundu wa mbalame.

Chimene muyenera kuchita ndi kuiuza chatbot kuti isakupatseni yankho. Iuzeni momveka: ndifunse mafunso asanu pa mutu umenewu, limodzilimodzi, udikire ndiyankhe, ndikalakwa usandiuze yankho koma undipatse kachizindikiro kakang'ono kenako ndiyesenso. Mu 2025 ChatGPT inabweretsa gawo limene amalitcha study mode, Gemini nayo inabweretsa lake lotchedwa Guided Learning, onsewa amachita zomwezi, koma ngakhale pa Meta AI mukhoza kungoilamula ndi mawu. Nthawi zina imaiwala n'kuyamba kukhuthula mayankho, ikumbutseni, musachite nayo ulemu wambiri si apongozi anu.

Pa Masamu chitani chonchi: sovani nokha pa pepala mpaka pamene mwakanirira, kenako lembani masitepe anu onse mu chatbot n'kufunsa kuti "ndalakwitsa pa mzere uti?" osati "yankho ndi chiyani?" Pa English lembani composition yanu kaye ndi dzanja, kenako muipatse kuti ikuonetseni zolakwika zitatu zimene mukubwereza kawirikawiri, kaya ndi ma tense kaya ndi ma preposition, koma isakulembereninso. Ikakulemberani, mupeza nkhani yokongola imene si yanu ndipo simudzatha kuitulutsa m'holo ya mayeso.

Ndipo ifunseni za mawu olamula a m'mafunso, chifukwa ana ambiri amaluza malikisi pamenepa akudziwa zinthu. State akufuna ungotchula, describe akufuna unene mmene chinthu chilili kapena mmene chimachitikira, explain akufuna chifukwa chake, discuss akufuna mbali zonse. Tengani funso la past paper, yankhani, kenako funsani chatbot ngati mwayankha molingana ndi liwu lolamulalo.

5. Kuigwira bodza, pamene inuyo simukudziwa yankho

Ili nde sitepe lovuta, ndipo malangizo ambiri amene ndaona amangoti "onetsetsani kuti yankho ndi lolondola" n'kupitirira, ngati kuti n'zophweka. Koma taganizani, mwana wafunsa chifukwa sakudziwa, nde adziwa bwanji kuti wanamizidwa? Ngati akanadziwa sakanafunsa. Ndakhala ndikulimbana nalo funso limeneli ndi ana anga ndipo zimene zatithandiza ndi izi, zimasiyana malinga ndi phunziro.

Pa Masamu muli ndi mwayi chifukwa Masamu amadzichonga okha. Tiyerekeze yakupatsani kuti pa 2x² + 3x − 5 = 0 mayankho ndi x = 1 ndi x = −2.5. Musakhulupirire, bwezerani manambalawo mu funso. Ikani 1: 2 kuphatikiza 3 kuchotsa 5, yatuluka 0, bho. Ikani −2.5: sikweya yake ndi 6.25, kuchulukitsa ndi 2 ndi 12.5, kuchotsa 7.5 kuchotsanso 5, yatuluka 0. Ndekuti zoona. Chizolowezi chimenechi chidzakupulumutsaninso m'mayeso momwe mulibe chatbot. Ndipo kuwerengetsa kulikonse kumene yachita, kuchulukitsa, kugawa, ma decimal, dinani nokha pa calculator. Ma chatbot amatha kufotokoza njira molondola kuyambira pamwamba mpaka pansi koma pakati n'kuphonya kuchulukitsa kwa Sitandade 5, yankho lomaliza n'kukhala lolakwika koma lolembedwa mwaudongo ndi mzere pansi.

Pa Physics ndi Chemistry yang'anani ma unit komanso funsani nzeru zanu ngati yankholo lingatheke padziko pano. Ikakuuzani kuti njinga ya kabaza ikuthamanga 400 m/s, simukufunika buku kuti mudziwe kuti pena pasokonekera. Za sodium hydroxide zija, tsegulani periodic table ya kumapeto kwa buku, sodium 23, oxygen 16, hydrogen 1, pamodzi 40, theka lake 20. Mwaona nokha ndi maso, simunangomvera.

Pa History, Social Studies, Jogalafe ndi Agriculture nde pamafunika kusamala zedi, makamaka zikakhala za kuno kwathu. Za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse imayankha bwino chifukwa zinalembedwa malo ambirimbiri, koma mukayandikira kwathu zolembedwa zimachepa, nde imayamba kudzaza mipata ndi zopeka. Lamulo langa ndi lakuti chilichonse chimene chili ndi chaka, dzina la munthu, dzina la malo kapena nambala, chisalowe m'kope mpaka mutachipeza m'buku lovomerezeka kapena m'manotsi a aphunzitsi. Chongani ndi pensulo kambali, mawa mukafunse. Safunsa anadya phula, ndipo masiku ano phulalo likubwera lokutidwa bwino m'Chingerezi chosalala.

Palinso kamayeso kamene ndimapangitsa ana onse tsiku loyamba, ndipo inunso kapangeni. Ifunseni kaye zinthu zimene mukuzidziwa kale bwinobwino. Kuukira kwa John Chilembwe kunachitika liti? January 1915. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba liti n'kutha liti? 1953 mpaka 1963. Ufulu tinalandira liti? 6 July 1964, n'kukhala republic mu 1966. Riferendamu ya zipani zambiri? 14 June 1993. Zimenezi kawirikawiri imakhoza. Kenako pitani mkati, ifunseni za boma lanu, mafumu a kwanu, mitsinje ya kwanu, mbewu zimene mumalima, muone pamene iyambire kutsetsereka. Mukaiona ndi maso anu ikunama molimba mtima za mudzi wanu womwe, simudzaikhulupiriranso mwachimbulimbuli pa zimene simukuzidziwa. Phunziro limeneli silimveka pongouzidwa, mpaka udzionere.

Kenako chitani chachiwiri: itsutseni dala pamene yanena zoona. Iuzeni kuti "walakwa, aphunzitsi anga akuti ndi chaka china." Nthawi zina imaima nganganga, koma nthawi zinanso imapepesa n'kuvomereza bodza lanulo, chifukwa zinthuzi zili ndi kamtima kofuna kusangalatsa amene akuzilembera. Tanthauzo lake n'lakuti kufunsa kuti "ukunena zoona?" sikuthandiza, ndipo ikakuyamikirani kuti yankho lanu ndi labwino kwambiri musavine msanga. Mukafuna ikuchongeni, iuzeni kuti ikhale wochonga wouma mtima, itchule chimene chikusowa m'yankho lanu, ndipo musaiuze kuti mwalemba ndinu, nenani kuti ndi yankho la mwana wina. Mudzadabwa mmene malikisi amatsikira.

Ena amati funsa ma chatbot awiri, akagwirizana ndekuti n'zoona. Zimathandizako pang'ono, akasiyana mwadziwa kuti pali vuto. Koma akagwirizana si umboni, chifukwa onsewo anamwa pa chitsime chimodzi, ngati chitsimecho chinali ndi matope onse abwera ndi matope. Wachitatu woweruza akhale buku kapena mphunzitsi. Ndipo ikakupatsani dzina la buku, wolemba ndi tsamba ngati umboni, musagone, mabuku enawo kulibe, imangopeka mayina omveka bwino. Ngati yakupatsani link idineni muwerenge nokha ngati zimene yanenazo zilimodi.

Buku ndi chatbot zikasemphana, pa mayeso tsatirani buku la silabasi. Mwina nthawi zina chatbot ndi imene ili ndi zatsopano, zimatheka, koma wochonga ali ndi marking scheme, pepala lija la mayankho ovomerezeka, ndipo linachokera ku silabasi osati ku California. Kusemphanako kubweretseni mkalasi tikambirane, mafunso otero ndi amene amandisangalatsa kuposa "sir tikopere?"

6. Zimitsani foni, lembani za m'mutu

Ukamawerenga kufotokoza kosalala umamva ngati wamvetsa, mutu umagwedezeka wokha. Kumva ngati wamvetsa ndi kumvetsa ndi zinthu ziwiri. Nde mukamaliza, foni ibwerere kwa mayi, tengani pepala loyera, lembani zonse zimene mwaphunzira osayang'ana paliponse, kapena mufotokozereni mng'ono wanu m'Chichewa. Pamene mwakakamira ndi pamene simunamvetse, mawa muyambire pomwepo. Pakatha masiku atatu bwerezaninso osayang'ana, pakatha sabata chimodzimodzi. Loweruka lililonse tengani past paper yeniyeni ya MANEB, ikani wotchi, foni ili chipinda china, lembani ngati muli m'holo. Mafunso opangidwa ndi chatbot ndi abwino poyeserera koma kafunsidwe ka MANEB kali ndi fungo lakelake limene umalizolowera ndi mapepala enieni okha.

Kumbukirani kuti magiredi a MSCE amayambira 1 mpaka 9, ndipo mapointi amene amakutengerani ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST kapena MZUNI amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwakhoza bwino, zonsezo zolembedwa ndi cholembera, inu nokha, invigilator akuzungulira. Homework yokopera ikhoza kukupatsani 90 teremu yonse, koma 90 imeneyo siilowa nanu m'holo.

7. Phunziro la Chichewa ndi mabuku a literature, samalani kawiri

Izi ndazipatula dala. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, ndipo ma chatbot a pano amayesetsa ndithu, ukawalembera Chichewa amayankha. Koma Chichewa cholembedwa pa intaneti n'chochepa poyerekeza ndi Chingerezi, nde chimene amatulutsa nthawi zambiri chimakhala Chingerezi chovala chitenje, pena kusakaniza ndi Chiswahili, Chishona kapena Chinyanja cha ku Lusaka. Pa magulu a mayina, Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi ndi ena aja, imasokoneza agwirizanitsi. Pa miyambi, zining'a ndi ndagi nde imapeka tanthauzo pompo, mwaulemu wake, ndipo ukaipempha miyambi khumi itatu mwa iyo agogo anu sanaimvepo. Apa agogo ndi aphunzitsi a Chichewa akuposa makina kutalitali.

Mabuku a literature, a Chichewa ndi a English omwe olembedwa kuno, chimodzimodzi. Ambiri sinawawerenge, koma siinena kuti sindikudziwa, imangopanga atengambali ndi nkhani yakeyake. Werengani bukulo. Mukafuna thandizo, ifotokozereni nokha zimene zachitika m'chaputalacho kenako ikufunseni mafunso.

Zosiyana ndi ma chatbot amene anamangidwa dala pa buku limodzi lodalirika, monga Ulangizi ija ya alimi ya pa WhatsApp imene inabwera ndi bungwe la Opportunity International, yomwe imayankha m'Chichewa kuchokera pa malangizo a unduna wa zamalimidwe. Njira yake ndi yomwe ija ndanena pa sitepe 3, kumangirira mbuzi pa chikhomo. Tsiku limene wina adzapange yotero ya silabasi ya MSCE ndidzakhala woyamba kuiyesa.

8. Za likasa

Mayeso akayandikira mumayamba kuona mauthenga m'magulu a WhatsApp, akuti tili ndi pepala lenileni tumizani ndalama pa nambala iyi. Kale ankavutika kulemba okha, pano amangouza chatbot kuti ipange mafunso ooneka ngati a MANEB, kuika chizindikiro pamwamba, basi kwatha. Mutaya ndalama komanso sabata yonse kuloweza mayankho a mafunso amene sadzabwera. Ndipo inunso musavutike kuifunsa chatbot kuti chaka chino kubwera chiyani, siidziwa, ingokupatsani mitu imene ili kale mu silabasi. Kulowa ndi foni m'chipinda cha mayeso ndi mlandu, zotsatira zimafufutidwa, zaka zinayi kupita m'madzi.

Aphunzitsi anzanga, mawu awiri. Choyamba, ma pulogalamu amene amati amazindikira zolembedwa ndi AI musawadalire pogamula mwana. OpenAI yomwe inatseka yake mu July 2023 chifukwa inkaphonya kwambiri, ndipo ofufuza a ku Stanford chaka chomwecho anapeza kuti zida zotere zimakonda kunamizira anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo choyamba, kutanthauza ana athu omwewa. Njira yachidule ndi yakale ija, muitaneni mwana, tsekani kope, afotokoze ndime yachiwiri ndi pakamwa. Mphindi ziwiri zokha mwadziwa. Chachiwiri, ifenso tikamaigwiritsa ntchito pokonza ma lesson plan ndi mafunso a test, zomwe ine ndimachita ndipo zimandipulumutsa maola ambiri, tizisova kaye tokha funso lililonse tisanalembe pa bolodi. Ndinachitapo manyazi kamodzi ndi funso la simultaneous equations lomwe linalibe yankho, ana 90 akutuluka thukuta mphindi 20, mpaka kamtsikana kena kapatsogolo kanakweza dzanja kuti "sir, mizere iwiriyi siikumana."

A ku koleji, zanu n'zomwezi koma onjezani ichi: funsani lecturer aliyense malamulo ake pa AI musanapereke assignment, chifukwa amasiyana, ndipo reference iliyonse imene mwaika muipeze ndi kuitsegula nokha.

Tsono alamu, foni musalande. Uzani mayi ake kuti aziipereka ola limodzi madzulo, kope ndi buku zili pambali, ikatha nthawi ibwerere. Lamlungu lililonse atsegule macheza a Meta AI aja aone mbali ya mwanayo, osati ya makina. Ngati mwana akungoponya mafunso n'kulandira ndime zitalizitali, abwerere pa sitepe 4. Ngati akuona mayankho a mwanayo, olakwika ndi okhoza omwe, chatbot ikumubweza kuti ayesenso, amusiye apitirize. Ndipo ndikabwera kumudzi pa holide ndidzamupatsa past paper ya Masamu pakhonde, foni ili m'thumba mwanga, nde ndidzakuimbirani ine, masana osati usiku.